Tsabola wa M'botolo: Mafunso Anu ndi Mayankho Ake

Mvula ikangotha, tsabola amachuluka pa msika wa Soweto ndi m'misika ya m'makomboni muno mu Lusaka, mtengo wake umatsika, ndipo mabanja ambiri amagula wochuluka kuti asinje ndi kusunga m'mabotolo. Makalata a mwezi uno akukhudza nkhani imeneyi, ndipo ndawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Amayi, ndinagula piripiri wodzaza mbale ndipo ndinamudula ndi manja osavala kanthu. Patapita kanthawi zala zinayamba kutentha koopsa, ndinaziviika m'madzi ozizira kangapo koma sizinathandize, ndipo usiku wonse sindinagone. Kodi ndikanachita chiyani? Ndine mayi wa ku Chawama.

Yankho: Pepani kwambiri, mayi anga, pakuti ululu umenewo ndi weniweni ndipo umatha kukhala maola ambiri. Chimene chimawawa mu tsabola ndi mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene sasungunuka m'madzi koma amasungunuka m'mafuta, ndipo n'chifukwa chake madzi ozizira ankakupumitsani pa nthawi yokhayo imene manja anali m'beseni. Mankhwalawa amadzutsa timitsempha ta pakhungu timene timamva kutentha kopitirira madigiri 43, choncho thupi limamva kupsa ngakhale kuti khungu lili bwinobwino, ndipo kawirikawiri kukacha simupeza chilonda chilichonse.

Zikadzachitikanso, thirani saladi, mafuta ophikira aja, m'manja ndi kutikita bwino, makamaka m'mbali mwa zikhadabo ndi m'mipata ya zala, kenaka sambani ndi sopo wotsukira mbale, ndipo mubwereze kawiri kapena katatu. Ululu ukapitirira, viikani manja mu mkaka wozizira kapena m'mabisi, mkaka wosasa uja, chifukwa mkaka uli ndi mafuta komanso puloteni yotchedwa casein imene imathandiza kuchotsa mankhwala owawawo. Mkaka womwewo ndiwo umaziziritsanso m'kamwa tsabola akachuluka m'ndiwo. Ena amalangiza kusamba ndi jiki kapena palafini, koma zimenezo zimawononga khungu, ndipo musaziyese n'komwe.

Magolovesi opyapyala a nitrile amapezeka m'masitolo a mankhwala, ndipo ngati mulibe, valani timapulasitiki toyera tiwiri ku dzanja lililonse n'kumanga pamkono. Mpeni, thabwa lodulirapo, munsi ndi kansalu kopukutira manja zimatenga ukali womwewo, ndipo zala zimaufikitsa paliponse pamene zakhudza, kotero musagwire m'maso, musasinthe mwana thewera, musayamwitse, ndiponso musapite kuchimbudzi musanasambe m'manja monga ndafotokozera. Anthu ambiri amachotsa njere poganiza kuti ndizo zimawawa, koma ukali wambiri uli mu kamnofu koyera kam'kati kamene njerezo zimamatirirapo, ndipo amene akufuna tsabola wofatsa apale kamnofu kameneko ndi supuni, osati ndi chikhadabo.

Tsabola amasiyananso mphamvu kutali kwambiri. Pa muyeso wa ukali umene Wilbur Scoville wa ku America anayambitsa mu 1912, tsabola wamkulu wobiriwira wosawawa uja ali pa 0, piripiri wathu wamng'ono ali pakati pa 50,000 ndi 175,000, ndipo habanero ali pakati pa 100,000 ndi 350,000. Kambuzi wa ku Malawi ndi wa mtundu umodzi ndi habanero, choncho achibale akakubweretserani kuchokera kum'mawa mumusamale mofanana, ngakhale kuti ndi wamng'ono ndiponso wonunkhira bwino.

Funso: Amayi, mayi akunyumba amasinja tsabola wamuwisi, adyo, anyezi ndi matimati pang'ono, kenaka amathira saladi mpaka botolo kudzaza. Timasunga mufuriji, koma magetsi kwathu amazima nthawi yaitali. Sabata yatha chivindikiro cha botolo limodzi chinatukumuka, ndipo titatsegula munatuluka thovu. Ine ndikuti tsabola wowawa chonchi sangawonongeke chifukwa palibe kachilombo kangakhalemo, koma iwo akuti titaye. Tiweruzeni. Ndine bambo wa ku Matero.

Yankho: Bambo, pa mlandu uwu amayi ndiwo alondola, ndipo ndikukupemphani kuti botololo litayidwe lero lomwe popanda wina kulawa ngakhale pa nsonga ya supuni. Maganizo akuti tsabola wowawa sangawonongeke ali ponseponse, ndipo pa makalata onse a mwezi uno ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri. Ukali wa tsabola timaumva ife ndi nyama zoyamwitsa chifukwa cha timitsempha tija, koma mbalame zimadya piripiri osamva kanthu, ndipo tizilombo tambiri towononga chakudya timaswana mu tsabola monga timachitira m'ndiwo zina zilizonse. Aliyense amene anaonapo tsabola atafewa ndi kuola pansi pa thumba la pamsika akudziwa kuti ukali sumuteteza.

Chimene chinatukumula chivindikiro ndi mpweya wotuluka mu tizilombo timene tinayamba kudya zam'botolomo, ndipo nthawi zambiri timakhala ta yisiti kapena tina tosasitsa chakudya. Vuto ndi lakuti kakonzedwe kamene mwafotokoza kamapatsanso mpata kachilombo kena koopsa kotchedwa Clostridium botulinum. Kameneka kamakhala m'dothi, kali mu timbewu tolimba tosaoneka ndi maso, ndipo kamalowa m'khitchini pa adyo, pa anyezi ndi pa tsabola. Timbewuti sitichita kanthu pamene pali mpweya, koma tikapezeka pamalo a chinyezi, opanda mpweya, osawawasa ndiponso ofunda, timamera ndi kutulutsa poizoni amene amapuwalitsa thupi. M'botolo lanu mafuta anatsekereza mpweya, zosinjazo zinali ndi madzi, matimati sawawasa mokwanira kuti ateteze, ndipo furiji ikakhala yozima maola ambiri, kuzizira kumene kunali chitetezo chomaliza kumatha. Matenda amenewa, otchedwa botulism, sachitika kawirikawiri, ndipo sindikufuna kukuopsezani popanda chifukwa, koma amapha, ndipo nthawi zina poizoniyo sasintha fungo, mtundu kapena kakomedwe ka chakudya, moti ngakhale botolo looneka labwino silingadaliridwe.

Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa maola 12 ndi 36 munthu atadya. Amaona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimalemera ndi kugwa, lilime limalemera polankhula, kumeza kumavuta, kenaka kufooka kumatsikira m'manja ndi pachifuwa mpaka kupuma kuyamba kuvuta. Wina wa m'nyumba mwanu akaona zimenezi, mupite naye nthawi yomweyo kuchipatala chachikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa, ndipo muwauze adokotala chimene wadya. Mabotolo ena onse okonzedwa mwanjira yomweyo atayidwenso. Potaya musakhuthulire m'mbale ya agalu kapena pamene nkhuku zimapalasa, chifukwa nkhuku nazonso zimafa ndi poizoniyu. Tsekani botolo, likulungeni m'pulasitiki, ndipo mulikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime.

Chimene chimasunga tsabola wa m'botolo ndi kuwawasa, kothandizidwa ndi mchere ndi kuphika. Kuwiritsa kokha sikukwanira, chifukwa timbewu tija timapirira madzi owira ndipo timafa pa madigiri 121, kutentha kumene mphika wamba sufikapo. Akatswiri a zakudya amayeza kuwawasa ndi nambala ya pH, imene imatsika chinthu chikamawawasa kwambiri, ndipo kachilomboka sikakula pa pH yochepera 4.6. Pokonza kunyumba ndi bwino kutsikira pa 4.0 kapena kucheperapo, ndipo njira yosavuta yofikira pamenepo ndi viniga wa m'sitolo wolembedwa 5% pa botolo lake.

Amayi akonze motere. Atenge tsabola wamuwisi magalamu 500, wosaola ndi wosabooledwa ndi mbozi, anyezi mmodzi wapakatikati ndi timagawo ta adyo tisanu ndi kamodzi, atsuke bwino, achotse timapesi, adule, n'kuika mumphika pamodzi ndi viniga mamililita 750 ndi mchere masupuni aakulu awiri. Supuni imodzi ya shuga imafewetsa kuwawasa m'kamwa, koma madzi ndi mafuta asathire, ndipo viniga asamuchepetse pofuna kuti tsabola alimbe. Mphika ukhale wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo, chifukwa viniga amadya aluminiyamu. Awiritse pamoto wochepa kwa mphindi 20, aphule kuti zizizireko, asinje mumtondo kapena m'makina ogayira, kenaka abwezere pamoto mpaka ziwirenso.

Ntchito imeneyi ichitikire pabwalo, pa mbaula, wophika ataimira mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo ana ndi aliyense wodwala mphumu akhale patali. Alimi a ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, amasakaniza tsabola wouma ndi ndowe za njovu n'kuziotcha m'mbali mwa minda kuti utsiwo ubweze njovu zisadye mbewu. Ngati utsi wa tsabola umabweza njovu, ganizirani zimene nthunzi yake ingachite kwa mwana m'kakhitchini kopanda zenera.

Mabotolo akhale agalasi, okhala ndi zivindikiro zosachita dzimbiri, otsukidwa ndi sopo n'kuwiritsidwa. Tsabola athiridwe ali wotentha m'botolo lotentha, asiye mpata wa sentimita imodzi pamwamba, apukute kukamwa kwa botolo, atseke, kenaka mabotolowo amizidwe m'madzi owira kwa mphindi 20, pansi pa mphika pali kansalu kuti asasweke. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96, choncho pamene malangizo a kumayiko otsika akunena mphindi 10, ife tiyenera kuwonjezera zina 10. Botolo losatsegula limakhala miyezi ingapo pamalo ozizira ndi amdima, koma likatsegulidwa lilowe mufuriji ndipo lithe m'masabata ochepa. Popeza magetsi kwanu ndi osadalirika, ndi bwino kudzaza timabotolo tating'ono tambiri kusiyana ndi botolo lalikulu limodzi.

Ndikudziwa kuti chimene mumakonda ndi kukoma kwa adyo ndi mafuta, ndipo simuyenera kukusiya. Amayi azitapa tsabola wa viniga wokwanira tsikulo, n'kusakanizamo saladi ndi adyo m'kambale pa nthawi ya nsima; zotsala zisapitirire masiku anayi mufuriji yoyaka, ndipo ngati magetsi azima zithe tsiku lomwelo. Njira ina ndi kuthira mafuta otentha pa tsabola wouma wosinja, wopanda adyo wamuwisi, chifukwa popanda madzi tizilombo sitikula. Tsabolayo aumitsidwe pa thandala kapena pa mphasa yoyera mpaka azithyoka akapindidwa, ndipo aliyense wochita chuku atayidwe, pakuti chuku cha tsabola chimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni yemwe uja timamuopa mu mtedza ndi chimanga. Mwambi umati tsabola wakale sawawa, koma wouma bwino amasunga ukali wake miyezi yambiri, ndipo fumbi lake posinja limalowa m'maso ndi m'mphuno, kotero wosinja amange nsalu kumphuno.

Funso: Amayi, mdzukulu wanga wa zaka zitatu anapisa dzanja mumtondo umene ndinasinjiramo tsabola, kenaka anadzitikita m'maso, ndipo analira mpaka mawu kusasa. Anzanga apafupi anati timuthire mkaka wa m'mawere, ena anati madzi a shuga. Ine ndinangomusambitsa ndi madzi. Choyenera chinali chiti? Ndine agogo a ku Mtendere.

Yankho: Agogo, munachita bwino posankha madzi. Ngakhale kuti madzi sasungunula capsaicin, akachuluka amamukokolola, ndipo m'diso simuyenera kulowa china chilichonse, kaya mkaka, mafuta, sopo, shuga, mchere kapena madzi a masamba, chifukwa zimenezi zikhoza kulowetsa matenda kapena kupweteka diso kuposa tsabolayo. Mugonekeni mwana pamiyendo panu, diso lopwetekalo lili mmunsi, wina amugwire manja, ndipo muthire madzi oyera ofunda pang'ono kuchokera mbali ya mphuno kuti atulukire kukhutu, kwa mphindi pafupifupi 15, iye akuphethira. Musaiwale kumusambitsa m'manja ndi saladi ndi sopo, apo ayi abwezera ululu m'maso akangomasulidwa. Ngati patatha ola limodzi akulepherabe kutsegula diso, kapena latupa kwambiri, kapena sakuona bwino, mupite naye kuchipatala.

Popeza tili pa nkhani ya ana, ndinenenso za chizolowezi chopaka tsabola pa bere pofuna kuletsa mwana kuyamwa, kapena pa chala cha mwana woyamwa chala. Ndikudziwa kuti amene amalangiza zimenezi ndi akuluakulu ofunira banja zabwino, koma mwana amatengera tsabolayo m'maso ndi m'mphuno, ndipo mayi nayenso amapweteka. Inu agogo, amene achinyamata amakumverani, athandizeni kuletsa kuyamwa pang'onopang'ono, pochepetsa nthawi zoyamwitsa ndi kuwonjezera phala.

Funso: Amayi, ndinaona pa YouTube njira yosasitsa tsabola ndi mchere wokha popanda kuphika. Ndinayesa, koma patapita masiku ochepa pamwamba panayala kanthu koyera. Kodi zawonongeka? Ndine mnyamata wa ku Kalingalinga.

Yankho: Mwana wanga, yang'anitsitsa kanthu koyerako padzuwa. Ngati ndi kopyapyala, kosalala kapena kamakwinya pang'ono, kopanda ubweya, ndipo fungo la m'botolo ndi lowawasa bwino, imeneyo ndi yisiti imene imayala pamwamba pa zinthu zosasa mpweya ukalowa. Uiwengule ndi supuni yoyera ndipo zotsalazo zili bwino. Koma ngati pali ubweya, kapena mawanga obiriwira, akuda kapena ofiirira, kapena tsabola wayamba kutelera ndi kununkha zoola, utaye zonse.

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo imagwira ntchito chifukwa tizilombo tabwino tokhala pa khungu la tsabola timadya shuga wake n'kutulutsa asidi, monga zimachitikira mkaka ukamasanduka mabisi. Mchere ndiwo umaletsa tizilombo toipa pa masiku oyamba asidiyo asanachuluke, choncho usamauthire mongoganizira: yeza pa sikelo magalamu 30 a mchere pa kilogalamu iliyonse ya tsabola wodula. Mchere wamba wa m'sitolo wokhala ndi ayodini ndi wokwanira. Tsindira tsabolayo kuti amire m'madzi ake, umupsinje ndi kapulasitiki koyera kodzaza madzi a mchere, ndipo tsiku lililonse uzimasula chivindikiro pang'ono kuti mpweya utuluke. M'nyengo yotentha ya Okutobala zimasasa m'sabata imodzi, pamene m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi zimatenga masabata awiri kapena atatu. Thovu likaleka, usinje, uthiremo viniga pang'ono, ndipo uwiritse usanatseke m'mabotolo, chifukwa tsabola wosasa wosaphika amapitiriza kutulutsa mpweya ndipo akhoza kuphulitsa botolo.

Funso: Amayi, bambo akunyumba awapeza ndi zilonda zam'mimba, ndipo apongozi akuti chayambitsa ndi tsabola amene ndimaika m'ndiwo. Kodi ndi zoona? Ndine mayi wa ku Chilenje.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa tsabola sayambitsa zilonda zam'mimba. Zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakazindikira mu 1982 ndipo analandira nako mphoto ya Nobel mu 2005, kapena chifukwa chomwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Apongozi aona chinthu choona pa mbali imodzi, pakuti kwa anthu ena amene ali kale ndi zilonda tsabola amawonjezera ululu, choncho muziika tsabola m'kambale kapadera mmalo mophikira m'ndiwo. Bambo akayezetse kachilomboka ndi kumaliza mankhwala onse amene apatsidwe, ndipo akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda, athamangire kuchipatala.

Funso: Amayi, anthu amayamikira tsabola wanga ndipo ndikufuna kuyamba kugulitsa m'tumasitolo ta m'komboni. Ndasonkhanitsa mabotolo apulasitiki a madzi akumwa. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Kanyama.

Yankho: Mayi anga, malonda amenewa ndi abwino ndipo ndikukulimbikitsani, koma mabotolowo asiyeni. Pulasitiki ya madzi akumwa imafota ikathiridwa chinthu chowira, siingawiritsidwe, ndipo botolo lotola simudziwa chimene chinalimo m'mbuyomu, kaya palafini kapena mankhwala a mbewu. Gulani mabotolo agalasi ndi zivindikiro zatsopano, ndipo mtengo wake muuwerengere pa mtengo wogulitsira.

Botolo la wogulitsa limakhala pa shelefu yotentha masabata ambiri, ndipo amene adzadye simukuwadziwa, kotero zimene ndawauza bambo a ku Matero zikukukhudzani koposa. Phindu loyamba ligule sikelo ndi kachipangizo koyezera pH. Timapepala toyezera ndi totsika mtengo, koma kufiira kwa tsabola kumasokoneza mtundu wake powerenga. Yezani mphika uliwonse utazizira, ndipo musasinthe muyeso wa viniga mtengo wake ukakwera. Mukafuna kuwonjezera mango, karoti kapena matimati, yezaninso, chifukwa chilichonse chowonjezera chimasintha kuwawasa. Samalaninso madzi otsukira tsabola, mabotolo ndi manja: inu a ku Kanyama mukukumbukira kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la masewero la Heroes linasandutsidwa malo ochizira odwala, choncho madzi onse a ntchitoyi akhale owiritsa kapena othiridwa kolorini.

Za malamulo, zakudya zogulitsa muno mu Zambia zimayendetsedwa ndi lamulo la Food Safety Act la 2019. Yambirani ku nthambi ya zaumoyo ya Lusaka City Council, kumene akakufotokozereni za chilolezo cha malo ophikira ndi chikalata cha kuchipatala cha ogwira zakudya. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, ndipo bungwe la Zambia Bureau of Standards lili ndi malo oyezera zakudya kumene mungapereke botolo lanu. Pa botolo lililonse mulembepo dzina lanu la malonda, zimene mwaikamo, tsiku lophika, tsiku lomaliza kugwiritsa ntchito, ndi mawu akuti likatsegulidwa lisungidwe mufuriji. Pa mphika uliwonse muzisungako botolo limodzi kunyumba, pamalo ofunda ngati a m'sitolo, ndipo mulembe m'kope masitolo amene alandira mphika umenewo, kuti botolo losungidwalo likatukumuka kapena kuchita thovu mudziwe kumene mukachotse anzake tsiku lomwelo.